Njuchi kapena mavu? Kusiyana kwake ndi zoopsa zake pakhomo

Tizilombo tikayamba kulowa ndi kutuluka pa kabowo ka pakhoma kapena kunsi kwa denga, anthu ambiri amathamangira chimodzi mwa zinthu ziwiri: kupopera mankhwala kapena kutseka bowolo. Ngati mkatimo muli mavu ochepa, mwina zimatheka. Koma ngati muli njuchi ndiye kuti vuto langoyamba kumene, chifukwa kuseri kwa khomalo kungakhale njuchi 40,000 ndi uchi wolemera makilogalamu ambiri. Ntchito yoyamba si kupha ayi, koma kudziwa kuti wabwerayo ndani. Kachotsedwe ka chisa, kasamalidwe ka munthu wolumidwa, ngakhale funso lakuti tichotse kapena tisiye, zonsezi zimadalira yankho limeneli.

Zimene zimadyetsa ana ndizo zimasiyanitsa

Njuchi ndi mavu ndi pachibale. Asayansi amaziika m'gulu limodzi lotchedwa Hymenoptera, momwe mulinso nyerere. Njuchi ndi mavu onse ali ndi mapiko anayi, ndipo zazikazi zokha ndi zimene zimaluma, popeza mbola inachokera ku chiwalo choikira mazira. Pamene zinasiyanirana ndi pa kaleredwe ka ana. Njuchi imalera ana ake ndi mungu ndi timadzi ta m'maluwa. Mavu ambiri amalera ana awo ndi nyama: mbozi, ntchentche, akangaude, ngakhale nyenyeswa za nyama kapena nsomba zotayidwa. Mukaigwira mfundo imeneyi, zina zonse sizivuta kumva.

Poti ntchito yake ndi kututa mungu, njuchi ndi yaubweya, ndipo ubweya wake wambiri uli ndi tinthambi tokolera munguwo. Thupi lake ndi lojintcha, lalifupi. Njuchi ya uchi yantchito imatalika mamilimita 12 mpaka 15, mtundu wake ndi wofiirira kapena wachikasu chosawala, ndi mizere yakuda. Miyendo yakumbuyo ndi yotambalala, ndipo m'pamene imamatapo timipira ta mungu pobwerera kwawo. Mukaona kachilombo kakulowa pabowo katanyamula timipira tachikasu m'miyendo, musakayikenso: ndi njuchi, ndipo zakhazikika kale moti zikulera ana.

Mavu ndi alenje. Thupi lawo ndi losalala, lonyezimira ngati lopakidwa vanishi, ndipo pakati pa chifuwa ndi mimba pali chiuno chowonda chija aliyense amachidziwa. Ambiri akatera amapinda mapiko m'litali mwake, moti mapikowo amaoneka ngati timizere tiwiri topyapyala, pamene njuchi imangowayala pamsana. Mavu omanga zisa zotseguka akamauluka miyendo yawo yaitali imalendewera pansi. Mtundu wa khungu musaudalire kwambiri. Ena ndi achikasu chowala ndi mizere yakuda bii, ena ndi ofiirira ngati njerwa, enanso ndi akuda thupi lonse.

Malo amene mwakapeza kachilomboko amathandizanso. Chimene chili kalikiliki pa duwa kapena chikumwa m'mbali mwa madzi kawirikawiri ndi njuchi. Chimene chikuzungulira pa nyama, pa bini ya zinyalala, pa chipatso chakupsa kwambiri, kapena chikupala thabwa louma ndi zibwano zake, amenewo ndi mavu. Komabe maluwa akasowa, njuchi nazonso zimabwera pa shuga ndi pa zakumwa zotsekemera.

Palinso ntchentche za m'maluwa zimene zimafanana ndi njuchi kapena mavu koma zilibe mbola. Zimenezi zili ndi mapiko awiri okha, maso aakulu odzaza mutu wonse, ndi tinyanga tatifupi kwambiri. Zimakonda kuima malo amodzi m'malere kenako n'kuthamangira pambali. Sizifunika kuphedwa.

Chisa chimanena zoona kuposa thupi

Njuchi za uchi zimamanga ndi phula lotuluka m'thupi mwawo, kunsi kwa mimba. Zisa zake zimalendewera choimirira, zingapo motsatizana, ndipo timabowo ta ngodya 6 timakhala mbali zonse ziwiri za chisa. Zimafuna malo amdima otsekeka: mphako ya mtengo, pakati pa denga ndi siling'i, mkati mwa khoma la mphako, m'chumuni, m'bokosi la mita, m'mgolo wovundikira. Choncho zisazo simuziona. Chimene mumaona ndi piringupiringu wa pabowo, makamaka masana kukatentha, pamene njuchi makumimakumi zimalowa ndi kutuluka pa mphindi imodzi. Mukatchera khutu pakhoma mumamva kulira kosalekeza, ndipo mukaikapo dzanja pamamveka pofunda, chifukwa njuchi zimasunga malo olerera ana pa madigiri pafupifupi 35. Banja limodzi limakhala ndi njuchi 20,000 mpaka 60,000 ndipo likhoza kukhala pamalo amodzi zaka zambiri.

Mavu alibe phula. Amapala ulusi wa mtengo wouma, n'kuutafuna ndi malovu, n'kupanga chinthu chonga pepala lotuwa kapena lofiirira. Pa mavu okhala m'magulu pali zisa za mitundu iwiri, ndipo kuopsa kwake n'kosiyana kutalitali.

Mtundu woyamba ndi chisa chotseguka cha mavu a Polistes ndi Belonogaster. Ndi chisa chimodzi chokha, cholendewera pa kamsomali kake kowonda, timabowo tikuyang'ana pansi kapena cham'mbali, ndipo mavuwo amaonekera atakhala pamwamba pake. Amachimanga pa phaso, pa felemu ya zenera, kuseri kwa chitseko chosatsegulidwa kawirikawiri, kapena m'tchire la mpanda. Kawirikawiri mumakhala mavu makumi angapo, ndipo si kawirikawiri kupitirira 200.

Mtundu wachiwiri ndi chisa chokutidwa cha mavu a Vespula ndi Vespa. Kunja chimaoneka ngati mpira wa pepala, mkati muli zisa zosanjikizana, ndipo khomo lake ndi limodzi. Ambiri a Vespula amamanga m'una wa pansi kapena m'denga, ndipo amafika masauzande. M'mayiko ozizira banja lonse limafa nyengo yachisanu ikafika, n'kutsala mafumukazi atsopano okha. Kumene kulibe chisanu choopsa chisa chikhoza kupitirira chaka n'kukula modabwitsa, monga amachitira Vespula germanica, amene anachokera ku Ulaya n'kufalikira ku New Zealand, Australia, South Africa, Chile ndi Argentina.

Ndiye pali ena okhala okhaokha, amene amaopedwa popanda chifukwa chenicheni. Mavu omanga ndi dothi amaumba timachubu kapena timiphika pakhoma, amaikamo akangaude kapena mbozi zimene azikomola ndi mbola, amaikira dzira, n'kumata. Alibe gulu loti aliteteze, choncho saluma pokhapokha mutawafinya. Vuto lawo ndi kudetsa khoma ndi kutseka timapaipi ndi timabowo ta makina. Bemberezi nayenso ndi mtundu wa njuchi. Amaboola thabwa bowo lozungulira bwino, lokula ngati chala, ndipo pansi pake pamagwa utuchi. Wamwamuna amauluka pafupi ndi nkhope ya munthu ngati akufuna ndewu, koma alibe mbola. Choopsa chake chili pa matabwa: akamabwerera pa phaso lomwelo chaka ndi chaka, phasolo limafooka. Penti kapena vanishi amachepetsa vutoli, chifukwa bemberezi amakonda thabwa lofewa losapakidwa.

Mbola

Mbola ya njuchi ya uchi ili ndi timano toyang'ana kumbuyo ngati mbedza. Ikalowa m'khungu la munthu imakanirira, ndipo njuchiyo ikamathawa imasiya mbola pamodzi ndi kathumba ka poizoni ndi timinofu take. Njuchiyo imafa, koma kathumbako kamapitiriza kupopa kokha. Poizoni wambiri amalowa m'masekondi 20 oyambirira, ndipo ikamakwana mphindi imodzi amakhala atatha pafupifupi yense. Mbola ya mavu ilibe timano tokanirira chotero, ndiye mavu amodzi omwewo amatha kuluma kangapo motsatizana. Choncho mukapeza kamunga kakuda kokhala ndi kathumba kotuwa pabala, dziwani kuti ndi njuchi ya uchi. Mukapanda kupezapo kanthu, mwina ndi mavu, bemberezi kapena njuchi ya mtundu wina.

Kwa zaka zambiri anthu ankaphunzitsidwa kuti mbola isamazulidwe ndi zala, koma izipalidwa ndi mpeni kapena khadi, poopa kufinyira poizoni mkati. Kafukufuku wa katswiri wa tizilombo Visscher ndi anzake amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya Lancet mu 1996 anaonetsa kuti njira yochotsera ilibe kanthu, chofunika ndi changu. Munthu amene akufunafuna khadi m'thumba akutaya masekondi amene ali ofunika kwambiri. Ichotseni ndi chikhadabo nthawi yomweyo.

Njuchi imodzi imathira poizoni wokwana ma microgram 50 mpaka 140 (ma microgram 1,000 amapanga miligalamu imodzi), pamene mavu a Vespula amathira 2 kapena 3 okha pa kuluma kumodzi. Pafupifupi theka la poizoni wa njuchi ndi melittin, amene amaphwanya maselo n'kuyambitsa ululu wotentha uja. Mbola imatulutsanso fungo loitana zinzake. La njuchi limamveka ngati nthochi yakupsa, ndipo limalozera zinzake pamalo enieni oti zilume. Mavu nawo ali ndi fungo lawo lotero. Ichi n'chifukwa chake kupha kamodzi pafupi ndi chisa kumabweretsa khamu.

Kuopsa kuli patatu

Kuopsa koyamba ndi kwa pabala pomwepo. Kwa anthu ambiri, kulumidwa kamodzi kumangopweteka, kufiira ndi kutupa pang'ono, n'kutha pakapita maola angapo kapena tsiku. Chotsani mbola, tsukani ndi madzi ndi sopo, ikanipo nsalu yozizira kapena ayezi wokulunga m'nsalu kwa mphindi 10 mpaka 20. Ngati ndi padzanja vulani mphete ndi wotchi kutupa kusanayambe, ndipo kwezani dzanjalo m'mwamba. Paracetamol amachepetsa ululu, pamene cetirizine kapena chlorpheniramine amachepetsa kuyabwa. Mwana wosakwana zaka 16 asapatsidwe aspirin. Zopaka monga viniga ndi soda sizifika kumene kuli poizoni, chifukwa iye ali kale pansi pa khungu. Dothi ndi phulusa zimangolowetsa tizilombo pabala.

Ena amatupa kwambiri, kupitirira masentimita 10, mwinanso mkono wonse. Kutupa kotere kumakula kwa tsiku limodzi kapena awiri ndipo kumatenga pafupifupi sabata kuti kuphwe. Kumaoneka koopsa koma pakokha sikupha, kupatula ngati kuli pakhosi kapena mkamwa. Anthu amakusokoneza ndi bala lolowa majeremusi. Kusiyana kwake n'kwakuti majeremusi amayamba kuonekera pakadutsa masiku awiri kapena atatu, ndipo amabwera ndi kutentha thupi, mafinya, kapena mizere yofiira yokwera m'mwamba. Zikatero m'pofunika kuchipatala.

Kuopsa kwachiwiri ndi kumene kumapha anthu ambiri, ndipo mbola imodzi yokha ndi yokwanira. Pali anthu amene poizoniyu amawawenga thupi lonse, vuto limene madokotala amalitcha anaphylaxis. Pafupifupi akuluakulu atatu pa 100 alionse amakhalapo ndi ziwengo za thupi lonse akalumidwa, ngakhale kuti si onse amene amafika poipa. Chizindikiro chachikulu n'chakuti mavuto amaonekera kutali ndi pamene palumidwa, ndipo amabwera msanga, kawirikawiri mkati mwa mphindi 30. Munthu walumidwa kuphazi koma akuyabwa m'manja ndi m'khwapa, zidzolo zatuluka thupi lonse, milomo, lilime kapena zikope zatupa, mawu asasa, kummero kwathina, akupuma molira, akusanza, akumva chizungulire kapena wakomoka. Nthawi zina khungu silionetsa kanthu, munthu amangofooka n'kugwa chifukwa magazi asiya kuthamanga mokwanira.

Apa mankhwala ndi amodzi okha: adrenaline, wobaya mumnofu wa kunja kwa ntchafu. Achipatala amabaya mamiligalamu 0.5 kwa wamkulu. Majakisoni odzibaya wekha amene anthu odziwa vuto lawo amayenda nawo amakhala ndi mamiligalamu 0.3 a wamkulu kapena 0.15 a mwana wamng'ono, ndipo amabayidwa ngakhale podutsa pa chovala. Pakapita mphindi 5 osasintha, amabayanso wachiwiri kuntchafu inayo. Mapiritsi a ziwengo sangalowe m'malo mwa adrenaline. Amachedwa kugwira ntchito, ndipo satsegula njira ya mpweya kapena kukweza kuthamanga kwa magazi.

Kagonekedwe ka wodwalayo ndi nkhani ya moyo ndi imfa, koma ambiri sakudziwa. Mugonekeni chagada, miyendo mutaikweza. Ngati akubanika, akhale tsonga miyendo atatambasula. Mayi woyembekezera agonere kumanzere. Musamuimiritse kapena kumuyendetsa, ngakhale atanena kuti akupezako bwino, chifukwa mitsempha yake yatakasuka ndipo akaima magazi amatsikira kumiyendo, mtima n'kusowa chopopa. Munyamuleni popita naye ku galimoto. Ngakhale atachira ndi jakisoni, apitebe kuchipatala, popeza vutoli limatha kubwereranso pakapita maola angapo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ena amene amafa motere anali atalumidwapo kale popanda vuto lililonse. Thupi limayamba kudana ndi poizoniyo pambuyo pokumana naye, choncho mawu akuti "ine njuchi sizindichita kanthu" si chitetezo. Amene anakhalapo ndi ziwengo za thupi lonse akaonane ndi dokotala, ndipo ayesetse kunena ngati inali njuchi kapena mavu. Poizoni wa ziwirizi ndi wosiyana, munthu akhoza kuwengedwa ndi mmodzi osati winayo, ndipo chithandizo chozoloweretsa thupi pang'onopang'ono, chimene chimatenga zaka 3 mpaka 5, chimaperekedwa ndi poizoni wa kachilombo komweko. Achikulire, odwala mtima ndi odwala mphumu ali pachiopsezo chachikulu.

Kuopsa kwachitatu ndi kuchuluka kwa mbola. Apa sipafunika ziwengo, poizoni yekhayo amakwana. Akatswiri amayerekeza kuti mbola za njuchi pafupifupi 19 pa kilogalamu iliyonse ya thupi zikhoza kupha. Kwa munthu wa makilogalamu 60 ndiye kuti zoposa 1,100, koma kwa mwana wa makilogalamu 15 ndi zosakwana 300. Musatonthozedwe ndi manambala amenewa, chifukwa kuwonongeka kumayamba kale kwambiri asanakwane. Mbola makumi angapo zimatha kuphwanya minofu ndi maselo ofiira a magazi, ndipo zophwanyikazo zimatseka impso. Choipa chake n'chakuti munthu amaoneka bwino tsiku loyamba, vuto n'kudzaonekera mawa kapena mkuja: mkodzo wakuda ngati tiyi, kukodza pang'ono, kupweteka kwa minofu, kusanza. Wamkulu amene walumidwa ndi njuchi 50 kapena kuposa, ndiponso mwana kapena wokalamba amene walumidwa koposa ka 10, apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale akuyenda yekha. Mavu aakulu a Vespa amafika poopsa pa mbola zochepa kuposa pamenepa.

Kulumidwa mkamwa kapena kummero ndi ngozi payokha, chifukwa kutupa wamba kukhoza kutseka mpweya. Zimachitika kawirikawiri ndi chakumwa cha m'chitini kapena m'botolo lakuda chimene chasiyidwa panja chotsegula. Mupatseni ayezi aziyamwa uku mukuthamangira naye kuchipatala. Mbola ya m'diso isachotsedwe kunyumba.

Chimene chimaputa, ndi pothawira

Njuchi kapena mavu amene ali kutali ndi kwawo akufuna chakudya saluma wamba. Amaluma akapondedwa, akafinyidwa m'chovala, kapena akamenyedwa. Ukali weniweni uli pachisa. Chimene chimawadzutsa kwambiri ndi kunjenjemera: makina otchetchera kapinga, jenereta, kukhoma msomali pakhoma limene muli chisa, kudula nthambi, mpira wa ana wogunda denga. Mpweya wotuluka mkamwa, zovala zakuda kapena zaubweya, ndi mafuta onunkhira zimawonjezera. Njuchi zikamakugundani pamutu popanda kuluma, limenelo ndi chenjezo, bwererani kumene mwachokera.

Njuchi za uchi sizifanana ukali. Mtundu wa Apis mellifera scutellata, wa kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, umateteza chisa mwamphamvu kwambiri. Wasayansi wina wa ku Brazil, Warwick Kerr, anapita nawo kwawo mu 1956, mu 1957 magulu 26 anathawa, ndipo zidzukulu zake zinafika ku Texas, m'dziko la United States, mu 1990. Poizoni wake si wamphamvu kuposa wa njuchi za ku Ulaya. Kusiyana n'kwakuti zimatuluka zambiri nthawi imodzi, zimakwiya msanga, zimachedwa kuzizira mtima, ndipo zimatha kulondola munthu mamita 400 kapena kuposa.

Zikakuukirani, thamangani molunjika kukalowa m'nyumba kapena m'galimoto n'kutseka. Zochepa zimene mwalowa nazo n'zopepuka poyerekeza ndi zimene zatsala panja. Phimbani mphuno ndi pakamwa ndi malaya koma maso aziona njira. Musaime n'kumakupiza manja, musagone pansi, ndipo musadumphire m'madzi, chifukwa zimadikira pamwamba mpaka mutavuuka. Mwana munyamuleni. Kumbukiraninso ziweto: galu womangidwa pa tcheni, nkhuku za m'khola ndi mbuzi yapachingwe zilibe kothawira, ndipo ndi zimene zimayamba kufa.

Njuchi zikabwera pakhomo

Chigulu cha njuchi cholendewera pa nthambi kapena pa mpanda ngati mpira waukulu ndi njuchi zosamuka. Mfumukazi yakale yachoka ndi gawo lina la banja, ndipo zikupumula podikira kuti azondi awo apeze malo. Zakhuta uchi, zilibe ana kapena chakudya choti ziteteze, choncho nthawi zambiri zimakhala zofatsa. Zimachoka pakapita maola angapo kapena masiku ochepa. Ana ndi ziweto akhale kutali, mazenera atsekedwe, ndipo pasakhale wogenda kapena wopopera. Iyi ndiyo nthawi yabwino kwambiri yoitana mlimi wa njuchi, chifukwa amangozigwedezera m'bokosi n'kupita nazo. Nkhawa ikhale pa njuchi zochepa zimene zikununkhiza ming'alu ya nyumba yanu. Amenewo ndi azondi aja, ndipo bowo limene akulizungulira litsekedwe tsiku lomwelo gulu lisanalowe.

Zikalowa, nkhani yasintha. Pa masiku ochepa zimakhala zitamanga zisa, ndipo pa miyezi ingapo mumakhala uchi ndi ana ochuluka. Apa m'pamene zolakwa ziwiri zija zimapweteka.

Mukatseka bowo, njuchi sizifa msanga. Zimafunafuna kuwala, ndipo zimatulukira pa kabowo ka getsi kapena pa mng'alu wa siling'i, n'kudzaza chipinda chogona. Mukapopera mankhwala pabowo, amangopha za pakhomo, chifukwa zisa zimatchinga mankhwalawo, ndipo zotsalazo zimalusa masiku angapo. Ngakhale mutakwanitsa kupha zonse, mwasiya mkatimo zinthu zimene njuchi zinkazisamala. Pakhala palibenso zokupiza mapiko kuti muzizire, ndiye pansi pa malata otentha phula limafewa, zisa zimagwa, uchi umatsikira m'khoma n'kudontha pa siling'i. Ana ndi njuchi zakufa zimaola n'kununkha. Nyerere, mphemvu ndi makoswe zimabwera. Uchi umenewo uli ndi mankhwala, sudyedwa, ndipo njuchi za m'ming'oma ya ena zikabwera kudzauba zimakafa nazonso.

Kuchotsa koyenera n'kutsegula pamalopo, kuchotsa njuchi ndi mfumukazi yake zamoyo, kudula zisa zonse, kupala phula lotsalira, kutsuka, kudzaza mphakoyo, n'kumata. Ndi ntchito ya munthu wokhala ndi zovala zake ndi chofukizira utsi, ndipo oyandikana nawo ayenera kuuzidwa tsiku lake. Moto wa udzu, petulo ndi palafini zisayandikire denga. Phula limayaka, matabwa a denga ndi ouma, ndipo nthunzi ya petulo m'malo otsekeka imaphulika.

Mavu: kusiya kapena kuchotsa

Si chisa chilichonse chimene chiyenera kuchoka. Mavu amagwira mbozi zambiri zowononga mbewu, ndipo chisa chimene chili pamwamba pa mtengo kapena kuseri kwa nyumba kumene sikudutsa anthu chikhoza kusiyidwa. Chimene chili pakhomo lolowera, pa zenera, m'bafa, posewerera ana, kapena panyumba pamene pali munthu wa ziwengo, chimenecho chichoke.

Nthawi yabwino ndi pachiyambi, chisa chikadali chaching'ono ngati chivundikiro cha botolo, pali mavu amodzi kapena awiri. Pamenepo ndodo yaitali imakwana, iwo atachokapo. Chisa chotseguka chokulirapo chimene mungachifikire mutaima pansi, chichitidwe usiku kapena m'bandakucha, pamene onse ali pachisa ndipo ali ofooka ndi kuzizira. Valani malaya okhuthala a manja aatali, buluku lolowetsa m'masokosi, nsapato zotseka, magolovesi, ndi chophimba kumutu ndi kukhosi. Tochi musaigwire m'manja, chifukwa amatsata kuwala. Iikeni pansi chapatali, ndipo ngati n'kotheka ikhale ya kuwala kofiira, kumene saona bwino. Onani njira yothawira musanayambe. Gwiritsani ntchito mankhwala olembedwa kuti ndi a mavu, amene amathira patali, mphepo ikuchokera kumbuyo kwanu, ndipo musaime kunsi kwenikweni kwa chisa chifukwa amagwa akadali ndi mphamvu yoluma. Nyowetsani chisa chonse, chokanipo, dikirani maola 24. Mukaona kuti palibe chikuyenda, gwetsani chisacho, palani potsalira pake ndi kutsukapo. Mankhwalawa asapoperedwe pafupi ndi moto, mawaya amagetsi, chakudya kapena madzi a nsomba, ndipo amphaka akhale kutali mpaka pataumiratu.

Pa makwerero musakwerepo. Munthu akalumidwa kumaso amasiya kugwira, ndipo kugwako kumavulaza kuposa mbola. Chisa chokutidwa, cha m'una, cha m'khoma kapena cha m'denga chisiyireni akatswiri ophera tizilombo, popeza kukula kwake sikuoneka kunja, ndipo kutseka bowo lake kumawalowetsa m'nyumba monga zimachitira njuchi. Munthu amene mbola inamuwengapo asagwire ntchito imeneyi ngakhale chisa chitachepa bwanji.

Kupewa kwake ndi kuyendera nyumba kamodzi pa sabata ziwiri m'nyengo yofunda, kuyang'ana kunsi kwa denga, m'mashedi, m'mabokosi a mita ndi m'zinthu zovundikirika monga migolo ndi matayala. Njuchi imadutsa pa mpata wa mamilimita 5, choncho ming'alu yotere imatidwe, ndipo mabowo olowetsa mpweya aikidwe waya wa timabowo tosapitirira mamilimita 3. Bini ikhale yotseka, zipatso zakugwa zizitoledwa, mpopi wodontha ukonzedwe. Pamalo pamene panakhalapo njuchi pafunika kuyang'anitsitsa kuposa pena paliponse, chifukwa fungo la phula limakhalitsa zaka, ndipo azondi a gulu lina amalimva n'kulunjika pa bowo lomwelo ngati silinamatidwe bwino.